Chishango Chimene Atate Sanalandire

Dzulo ndinadutsa poyanika zikopa za ng'ombe, ndipo fungo lake linandikumbutsa chionetsero cha alimi ku Fort Jameson, nthawi ya Chitaganya.

Atate anali mphunzitsi wa mishoni, ndipo akulu a mpingo ankawaletsa kuvina ngoma, gule wa makolo athu. Tinaima m'mbali mwa msewu, amuna akudutsa akuimba nyimbo ya ngoma, atavala zikopa ndi nthenga ngati ankhondo akale a Chingoni. Atate aang'ono anatuluka pamzere n'kuwabweretsera chishango cha agogo, amene tinali titangowaika kumene.

"Achimwene, malemu anati chikhale chanu."

Atate anayang'ana akulu a mpingo omwe anaima tsidya la msewu. "Pita, anzako akukusiya."

Ndinali nditawagwira dzanja atate. Gulu litapita patali, ndinamva chidendene cha nsapato yawo chikugunda pansi pang'onopang'ono, motsatira nyimbo ija.