Chaka Chomwe Ndinalondera Udzu

Chaka chomaliza ku yunivesite aliyense ankayenera kuchita kafukufuku wake. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anali wochenjera: ankasankha aphunzitsi osaumira malikisi, n'kuloweza mayeso a zaka zam'mbuyo. Kafukufuku wake anamumalizira pabedi. Ine ndi makani angawa ndinafuna kuyesa mmene udzu umachepetsera zokolola za mtedza, ndipo amalume anandibwereka munda kwathu ku Chulu.

Ndinaugawa pawiri, mbali ina yopalira, ina yosakhudza n'komwe mpaka kukolola. Ndinawafotokozera amalume bwinobwino, iwo n'kumangovomera. Tsoka ilo, mbali yaudzuyo inali m'mphepete mwa njira ya kutchalitchi.

Nditabwerako kolemba mayeso ndinapeza munda wonse uli mbee, mizere yobandira bwino.

"Amalume, mwatani pamenepa?"

"Mphwanga, anthu amandiseka," anatero. "Akuti mlimi wa fodya ngati ine wandikanika mtedza. Ndangokuthandiza."

Ndinapsa mtima, koma munthu wakupalirira munda ungamukalipire bwanji? Ndinaimbira mnzanga uja, iye anaseka mpaka kutsokomola.

"Aise, ingopeka manambala. Ndani angapalase njinga mpaka ku Chulu kukaona udzu?"

Ankanena zoona, palibe akanabwera. Koma ndinali nditagwira khasu mpaka matuza kuti ndidziwe yankho lenileni, ndiye mtima sunalole. Nthawi yobzala inali itadutsa. Aphunzitsi anati ndidikire dzinja lina.

Anzanga anavala mikanjo popanda ine. Zithunzi ndinazionera pafoni kuseri kwa chigafa cha fodya, pomwe netiweki imagwira. Pagulu lathu lapafoni nkhani zinasanduka za ntchito ndi nyumba zalendi. Kenako ndinatulukapo, ndipo palibe anafunsa.

Dzinja lotsatira ndinkakhala kumunda tsiku lonse, kulondera chisoso ndi nsonthi kuti wachifundo wina asazule. Amalume ankadutsa atayang'ana kumbali. Azimayi ankanong'onezana kuti sukulu yandizunguza mutu. Ndinasungulumwa kwambiri, moti masiku ena mawu anga ndinkawamva pokhapokha pothamangitsa mbuzi.

Yankho ndinalipeza, ndipo ndinakhoza ndi malikisi apakatikati. Tsiku lovala mkanjo ndinakhala pakati pa omwe anali m'mbuyo mwanga, akuitanana maina achipongwe omwe sindinkawadziwa. Mtsikana woyandikana nane anandiyang'ana kanthawi, kenako anandifunsa mwaulemu:

"Pepani achimwene, simunasokoneze mzere?"