Ndinadikira Kalata ya Malume, Fupa la Mwana Likuwola

Mwana wanga wamkazi ndinamupundula ndine, ndipo ndinachita zimenezi ndi bodza la mawu atatu. Inu owerenga, ndinazolowera kulembera nyuzipepala nkhani za anthu ena, za ng'ombe zobedwa ndi za mitengo ya fodya. Iyi ndi yanga.

Inali nthawi ya nkhondo yaikulu yapitayi. Ndinkagwira ukalaliki m'sitolo ina ku Fort Jameson, banja lili ku Madzimoyo, kwawo kwa mkazi wanga. Mwana wathu woyamba, Elube, anali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene anayamba kutsimphina mwendo wamanzere. Ankadandaula bondo. Anamutemera mphini pabondopo kawiri, osadziwa kuti nthenda ili kumtunda, m'nyung'unyu, pamene fupa la ntchafu limalowa m'chiuno. Pofika nthawi yokolola sankathanso kukhala pamphasa, nthiti zikuwerengeka.

Tinamunyamula pamachila mpaka kuchipatala cha mishoni. Kumeneko tinapeza dokotala wa mafupa amene anabwera kudzathandiza kwa miyezi yochepa. Anapinda mwendowo nautembenuza, Elube nalumira mano. Kenaka analankhula m'Chingerezi, ine ndikumasulira mkazi wanga.

Anati ndi chifuwa chachikulu, koma chalowa m'fupa. Njira zinali ziwiri. Yoyamba inali kung'amba, kupala powolapo, nkulumikiza mafupa awiriwo kuti agwirane. Mwana agone m'chikhakha kuchokera pachifuwa mpaka kuphazi kwa miyezi yambiri. Mwendo udzauma m'chiuno, osapindika, koma adzauponda popanda ululu. Njira yachiwiri inali ya ochedwa: kudula mutu wonse wa fupalo nkuutaya, mwendo nkutsala waufupi ndi wolobodoka. Anatsindika kuti iye achoka mvula isanagwe, ndipo mafinya akangoboola khungu njira yoyamba yatsekeka. Anandipatsa pepala loti ndisayine.

Apa mantha anandigwira. Akuchikazi anga ndi Achewa, ndipo kumeneko mwini mwana ndi malume ake. Ine ndinali mkamwini chabe. Malume a Elube, achimwene a mkazi wanga, anali msilikali kutsidya la nyanja. Ndinadzifunsa kuti mwanayu akapanda kudzuka ku mankhwala ogonetsa aja, ndidzaima bwanji pamaso pa mbumba ya eni, dzina langa lili papepala? Mkazi wanga anandikodola kuti ndinene zimene adokotala amalizira. Ndinati, “Akuti palibe chofulumira.”

Mkazi wanga anapuma mpweya wautali, nathokoza Mulungu. Dokotala ndinamuuza kuti tikakambirane kaye kumudzi. Tsiku lomwelo ndinalembera alamu anga kalata yopempha chilolezo.

Tinadikira miyezi isanu. Loweruka lililonse ndinkapita kupositi ndisanapalase njinga kupita kumudzi, ndipo ndikafika ndinkayeza miyendo ya Elube ndi chingwe cha m'sitolo. Wamanzere unkacheperachepera. Ndinkalemba muyesowo m'kabuku, ngati kulemba nkuchiza. Mvula yoyamba inagwa, ndinamva kuti dokotala uja wapita, koma sindinauze munthu. Mkazi wanga akafunsa ngati sitikuchedwa, ndinkamukumbutsa mawu atatu aja.

Tsiku lina masana ndinamva fungo ndili pakhomo. Chotupa chinali chitaphulika pantchafu, nsalu yonse mafinya, thupi likutentha ngati mbaula. Pobwebweta, Elube ankanditchula dzina la mng'ono wake. Apongozi anga, amene ndinkawaopa kwambiri, ndiwo anayamba kugwira machila, nandifunsa kuti ngati ndine bambo ndikudikiranso chiyani.

Titafika kuchipatala ndinasayina pepala la opaleshoni. Dokotala wa pamalopo anati sakulonjeza mwendo, akulimbana ndi moyo. Opaleshoni inatenga maola atatu, ine nditakhala pansi pa mtengo wa mango, ndikuyang'ana chitseko. Chikatseguka ndinkafuna kuona ngati atulutsa munthu wophimbidwa kumaso. Anadula mutu wa fupa uja. Elube anadzuka, nagona miyezi itatu mwendo utakokedwa ndi chingwe chomangirira thumba la mchenga.

Kalata inafika iye ali pabedi pomwepo. Inali ndi mizere inayi. Alamu anga analemba kuti, “Mukundifunsiranji ine ndili kuno? Chitani msanga zimene adokotala anena.”

Lero Elube ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mwendo wamanzere ndi waufupi ndi mainchesi atatu. Amayenda ndi ndodo, mtsuko sasenza, ndipo bala limatsegukabe nyengo yozizira. Akangotentha thupi, mtima wanga umaima, chifukwa anatiuza kuti nthendayi imatha kudzukanso.

Chaka chatha ndinkamukhomera chidendene cha thabwa ku nsapato yake, iye atakhala pambali. Mosakweza mawu anati, “Atate, Chingerezi cha tsiku lija ndinachimva. Kusukulu tinali titafika pa mawu oti mvula ndi kuchedwa.”

Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere. Anati mwana satsutsa atate ake pamaso pa mlendo.

Inu owerenga, mwana akamatsimphina nkumaloza bondo, kamupimitseni ndi m'chiuno momwe. Dokotala akakupatsani njira, funsani kuti iliyonse ili ndi nthawi yaitali bwanji, chifukwa ina imatsekeka inu mukuganizabe. Malume alemekezeni, auzeni, koma ngati ali kutali itanani amene alipo tsiku lomwelo muwafotokozere zonse. Ine sindinafunse ngakhale apongozi anga, amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pa yanga. Ndipo inu amene mumamasulira abale anu kuchipatala, nenani mawu onse, ndi oopsa omwe. Amayi ake a Elube akanamva zoona tsiku lija, sakanalola kuti machila abwerere kumudzi.