Belu la Amuna Anga

Amuna anga aliza belu pasukulu ya olumala zaka makumi atatu, koma kunena zoona, ntchitoyi anaiyamba mochititsa manyazi.

Sukuluyi anaiyambitsa mayi wina, telala, m'galaja ya kunyumba kwake, chifukwa mwana wake wosamva anamukana m'masukulu onse. Munali ana asanu, mabenchi awiri ndi makina osokera. Amuna anga anawalemba kuti azisesa basi. Koma abambowa sakhalira kufuna udindo. Anakatola limu ya galimoto, kuipachika pamtengo, Lolemba m'mawa n'kuimenya ndi chitsulo: nge! nge! nge! Agalu a m'makomo oyandikana anauwa. Ana asanu aja anapitiriza mpira wawo, poti onse anali osamva.

"Mwina sindikumenya mwamphamvu," anatero amuna anga. Anamenya sabata yathunthu, abale inu, mpaka mayi telala anachita kuwagwira mkono.

Ndiye anatenga nsalu yanga yofiira ya patebulo, osapempha, n'kuimangirira kumpini wa tsache. Akaikupiza, ana ankathamangira m'kalasi. Chaka chachitatu kunabwera ana osaona. Abambowa anakupiza nsalu ija monyadira, ana atsopanowo ali phee. Limu inabwerera pamtengo. Kuyambira pamenepo dzanja ili chitsulo, dzanja ili nsalu, dzina n'kukhala Ankolo Belu. Ngakhale ine ndikapsa mtima ndimawatchula choncho.

Sukulu inachoka m'galaja, inakula, inatsegula kalasi ya akuluakulu yosoka ndi yoluka. Belu nalo linakula. Pali abambo ena oopa phokoso, amene amayenera kunong'onezedwa limu isanalire. Ndiye pali mayi wina amene tonse timangoti Achemwali, wosamva komanso wosaona, amaluka majuzi pakona ya pawindo. Iwowa amuna anga amawagogoda katatu pachikhatho. Belu limodzi linkatenga mphindi khumi.

Mayi telala atamwalira kunabwera ahedi atsopano, a tayi ndi wotchi yaikulu. Anati mphindi khumi n'kuwononga nthawi. Anaikitsa belu la magetsi, la nyali zothwanima m'kalasi iliyonse, kenako anawaitanira amuna anga muofesi.

"Ankolo, mwaigwira ntchito," anatero ahedi. "Mwezi uno ukatha mukapume."

Ine ndinayamba kudandaulira mapoto anga. Munthu wozolowera kumenya chitsulo ungamusunge bwanji m'nyumba tsiku lonse? Koma nditaona kuti mbale yawo yabwerera osaikhudza, nthabwala zinandithera.

"Mayi a ana," anandifunsa, "ndiye kuti zaka zonsezi ine ndinali waya chabe?"

Mtima unandipweteka.

Tsiku loyesa belu latsopano ndinapita nawo, kuti akagwa ndiwatole. Ahedi anadina batani. Belu linalira, nyali zinathwanima, ndipo pepani, zinathekadi. Osamva anaona, osaona anamva, a panjinga anapalasa, onse m'holo pasanathe mphindi ziwiri. Ahedi anayang'ana wotchi yawo, mano onse pamtunda. Amuna anga anangoima pakhomo ndi tsache lawo ngati mlendo wosochera paukwati.

Powerenga anthu, mpando umodzi unali wopanda munthu. Achemwali anali pakona yawo, akuluka.

"Nkhani yaing'ono," anatero ahedi. "Si katatu pachikhatho?"

Tonse tinawatsatira. Anagwira dzanja la Achemwali n'kugogoda katatu. Achemwali anapapasa dzanja la ahedilo, zala, chikhatho, mpaka wotchi. Kenako, phwa! analimenya ndi singano yolukira, n'kupitiriza juzi lawo. Aphunzitsi oluka anayesa kuwafotokozera polemba zizindikiro m'manja mwawo. Achemwali anayankha ndi zala, mofulumira, nkhope ili gwa.

"Akuti chiyani?" anafunsa ahedi, akusisita dzanja.

Aphunzitsiwo anamasulira: "Akuti ili si belu, ndi munthu wopanda mwambo. Akuti belu ndi lokhakhala ndipo limanunkhira sopo wokolopera. Akuti alidikira."

Ndinawakankha amuna anga ndi chigongono. Anapita, anagwada, anagogoda katatu. Achemwali anapinda juzi lawo bwinobwino, anaimirira, n'kuwagwira mkono osausiyanso.

Ahedi anakhosomola, anakonza tayi. "Ankolo, za mwezi uno zija, tiiwale."

Amuna anga anamasula nsalu yanga ya patebulo kumpini wa tsache, n'kupukutira misozi ndi mamina omwe. Ndinawasiya, sindinaifunsenso nsaluyo.