Woyamba Kuponda

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, palibe amene ankaponda mlatho uja m'mawa a Tsogolani asanaupondepo. Dzinalo silinali lochokera kwa makolo ayi. Anawapatsa ndi amayi opita kuchigayo, amene ankafika pamlathopo kukadali chisisira, kutula matumba awo pansi n'kumati, "Tsogolani, bambo, tione ngati lero tifika." Anthu anazolowera, eni ake anazoloweranso, mpaka dzina lenileni linangotsala pachiphaso.

Mlathowo unali wa zingwe zachitsulo ndi matabwa zana limodzi ndi makumi awiri, wolendewera pamwamba pa phompho lakuti ukaponyamo mwala umatopa kudikira kuti umve kugwa kwake. Unamangidwa ndi kampani ina yocheka matabwa, imene itamaliza mitengo inanyamuka osatsazika. Tsidya lino kunali nyumba za anthu ndi hotelo. Tsidya linalo kunali chigayo, sukulu ndi kachipatala. Woopa mlatho ankazungulira pamsewu, ulendo wa theka la tsiku pagalimoto, galimotoyo ikapezeka.

A Tsogolani anali kalipentala, munthu wamfupi, wa manja okhakhala, wosalankhulalankhula. Ntchito yawo inali kuyenda mlatho wonse chowerama, kahamala kali m'manja, kugogoda thabwa lililonse. Thabwa lamoyo limayankha kuti ngo! Lodwala limati phu, ngati wagogoda dzungu lowola. Akafika kutsidya ankakweza kahamala kaja m'mwamba, anthu n'kuyamba kuwoloka.

Amene ankawalemba ntchito anali bwana wa hotelo, yemwe anatenga malo onse a m'mphepete mwa phompho pamodzi ndi mlatho womwe. Mu ofesi mwake, pamwamba pa tebulo, anapachika tsamba la magazini ina ya zamaulendo, lili m'galasi ngati chithunzi cha ukwati. Linali ndi mndandanda wa malo khumi oopsa kwambiri padziko lapansi. Panali phiri lolavula moto, limene utsi wake umagwetsa munthu ali chiimire. Panali msewu wosemedwa m'mbali mwa thanthwe, kumene mabasi amayoyokera m'chigwa, chilumba cha njoka zokhazokha, chipululu chosungunula nsapato, ndi phiri lozizira kumene womwalira amangosiyidwa panjira anzake n'kumamulambalala. Pa nambala seveni panali mlatho uja.

Pali anthu padzikoli amene moyo unawakomera mpaka unawatopetsa, ndiye amakwera ndege kukafuna mantha kwa eni ake. Amenewa ndiwo ankadzaza hotelo. Mlendo aliyense ankavekedwa chisoti ndi lamba wolimba, chingwe chake n'kukolowekedwa ku waya wapamwamba, moti ngakhale thabwa likanathyoka akanangolendewera pang'ono n'kupeza chokafotokoza kwawo. Ankakuwa, ankalira, ena ankatchula Mulungu amene anamuiwala kalekale, akafika kutsidya n'kukumbatirana.

Anthu apamalopo analibe lamba. Malamba ankatsekeredwa mu ofesi, ndipo iwo ankaloledwa kuwoloka nthawi ya eyiti isanakwane m'mawa kapena faifi ikadutsa madzulo. Bwana sankabisa chifukwa chake. "Mlendo wabwera kudzaopa," ankatero. "Ndiye akaona mayi ali ndi mwana kumsana, chidebe pamutu, akuwoloka uku akucheza ndi mnzake, aopanso chiyani?"

Lamulo lina linali la a Tsogolani okha. "Madala, thabwa loyera sindikulifuna pamlatho wanga. Mlatho woopsa uzioneka kuti ndi woopsa. Mukufuna mundikonzere khonde la tchalitchi?"

A Tsogolani anayankha kuti, "Ndamva, bwana," ndipo anamvadi, koma mwanjira yawo. Kuseri kwa nyumba yawo anayamba ntchito imene kalipentala wina aliyense akanaichitira manyazi: kukalambitsa matabwa. Ankatenga thabwa latsopano, kuliwaula pamoto, kulikanda ndi msomali, kulipaka oyilo wakuda wotsala m'magalimoto, kulikwirira m'matope sabata ziwiri. Likatuluka pamenepo linkaoneka ngati lithyoka ndi phazi la nkhuku. Kunsi kwake ankalimangirira chitsulo ndi mabawuti omasula ku lole yakufa. Pamwamba mlatho unkaopsa alendo, pansi unali wolimba gwa, ndipo kwa zaka zonsezo palibe ngakhale mbuzi imene inagwapo.

Sankachita zimenezi chifukwa chokonda bwana. Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene anamulera okha mayi ake atamwalira iye akadali wamng'ono. Mwanayo anali namwino pa kachipatala kakutsidya. Tsiku lililonse sikisi koloko ankafika pamlatho, nsapato zake zoyera zili m'jumbo, n'kuima kudikira kahamala.

"Ababa, matabwa anuwo mumawanyengerera kuposa ine," ankawaseka.

"Iwe umayankha mwano. Awa ndikawafunsa amanena zoona."

Chaka china kunabwera mayi wina wolemba nkhani m'magazini ija, wowonda, wa makamera atatu m'khosi. Malo khumi aja anali atafikako konse, ndipo kuphiri lozizira kuja anasiyako zala ziwiri zakuphazi, zimene kusowa kwake ankaonetsa aliyense monyadira. Iyeyu sanakuwe pamlatho. Anadzitsitsa pachingwe kuti ajambule matabwa chakunsi, ndiye anaona zitsulo zija. Atakwera anafunsa kuti anachita zimenezi ndani.

Apa ndi pamene a Tsogolani anapusa, ndipo zimandipsetsa mtima chifukwa anapusa ndi mtima woyera. Zaka zonsezo panalibe munthu amene anaonapo ntchito yawo yeniyeni. Lero wapezeka woiona, wochokera kutali, akufunsa mwachidwi. Anamutengera kuseri kwa nyumba. Anamuonetsa dzenje la matope, chitini cha oyilo, ndi msomali wokandira. Anamuuza ngakhale kawaulidwe kake kakuti thabwa lisapse mkati. Mayiyo ankangogwedeza mutu, kamera ili kulira, iwo akumwetulira mpaka mano onse pamtunda.

Patapita miyezi itatu bwana anawaitanitsa. Magazini yatsopano inali patebulo. Pa nambala seveni panali phanga lina la kudziko lina, lodzaza madzi mwadzidzidzi. Patsamba lotsatira panali a Tsogolani, akumwetulira, chitini cha oyilo chili m'manja, ndipo nkhani yake inkati mlathowo ndi wonamizira, wolimba kuposa masitepe a m'nyumba zambiri.

"Mwandiphera hotelo, madala," anatero bwana. Sanakweze mawu. "Ndinakuuzani chiyani?"

"Munati thabwa loyera ayi, bwana. Loyera palibepo."

"Musandiyese mwana. Siyani hamalayo pamenepo, ntchito yatha. Mawa zitsulo zanu zonse zikuchoka."

"Nanga anthu, bwana?"

"Anthu ake ati? Alendo ali ndi malamba."

"Mwana wanga amawoloka pamenepo."

"Msewu ulipo," anatero bwana, akutsegula chitseko.

Zitsulo zinachokadi. A Tsogolani anakadandaula ku maofesi awiri. Yoyamba inati mlatho ndi wa hotelo. Yachiwiri inati alembe kalata, ndipo kalatayo mwina mpaka lero ikutchinga mwendo wa tebulo kuti lisagwedere. Pakhomo la mlatho anaikapo mlonda wouzidwa kuti a Tsogolani asalowe ndi chida chilichonse, ngakhale msomali. Koma kuwoloka sakanawaletsa. Choncho m'mawa uliwonse ankatsogolabe, popanda wowatuma, kugogoda matabwa ndi chidendene. Thabwa likati phu ankamangirira kansanza pa waya wam'mbali kuti anthu alilumphe, ndipo eyiti ikakwana mlonda ankamasula tinsanzato alendo asanatione.

Nthawi imeneyo panabwera nkhani imodzi yowatsitsimula mtima. Kuchipatala anati mvula ikatha, m'nyumba ya anamwino mupezeka bedi, ndipo mwana wawo azigona konko. A Tsogolani anamukhomera kabokosi koikamo zovala, akuimba mluzu. Ankawerenga masiku ngati mkaidi.

Kutatsala sabata ziwiri, m'mawa wina kutagwa mvula, thabwa lachitatu kupitirira pakati silinati ngo, silinatinso phu. Linangoti thyo! Mwendo wakumanja unalowa mpaka m'ntchafu, fupa linathyokera pa waya, ndipo bawuti yadzimbiri imene ochotsa zitsulo anaisiya inang'amba mnofu kuyambira pabondo mpaka m'kakolo. Anagwira waya ndi manja onse awiri, pansi pawo mtsinje uli kuwinduka. Woyamba kuwafikira anali mwana wawo, akukwawa, jumbo ya nsapato atayitaya. Anang'amba diresi lake la ntchito n'kumanga mwendowo, akulira uku akuwakalipira kuti asatseke maso. Kuchipatala chachikulu anaudula mwendowo m'munsi mwa bondo.

Pakhonde la hotelo panali mlendo wina wolawirira kumwa tiyi, ndipo anajambula zonsezo pafoni. Sanathamangire kukathandiza, koma dzanja lake silinanjenjemere, chithunzi chinatuluka bwino. Chaka chotsatira mlatho uja unabwerera pamndandanda, pa nambala fili, kuposa chilumba cha njoka. Hotelo inamanga zipinda zina khumi ndi ziwiri.

Bwana anabwera yekha kunyumba, atanyamula ndodo ziwiri zoyendera zonyezimira. Anakhala pampando wa alendo, anafunsa za bala, anapukusa mutu mwachisoni. Kenako ananena chimene anadzera.

"Alendo akumakufunsani, madala. Akufuna aone munthu wake. Ndakukonzerani mpando pakhomo la mlatho, pamthunzi, ndi ambulera yomwe. Ntchito palibe, n'kungokhala basi. Kungoti buluku muzilipinda pang'ono, kuti pazioneka."

A Tsogolani anayang'ana ndodo zija, nayeza m'maganizo kutalika kwake ndi pamene panali mutu wa bwana. Imodzi ikanafika bwinobwino. Anati aganiza kaye.

Madzulo ake mwana wawo akuwatsuka bala, anayambanso nkhani imene ankakangana tsiku ndi tsiku. Bedi lija la kunyumba ya anamwino anali atalikana, ndipo kabokosi kaja kanali pansi pa tebulo, muli mabandeji.

"Samuka, mwana wanga. Ndikukupempha."

"Ndisamuke, ndiye kuno akutungireni madzi ndani? Mukagwa m'bafa akudzutseni ndani?"

"Ndizikwawa ndekha."

"Nyumba ija ndi ya akazi okhaokha, Ababa, bedi limodzi. Sindingakutengeni, sindingakusiyeninso. Tatambasulani mwendowo."

Anautambasula, mtima uli kuwawa kuposa bala. Zaka zonsezi ankawoloka kuti mwanayu asagwe, ndipo tsopano mwanayu ankawoloka chifukwa cha iwo. M'mawa mwake anatumiza mawu kwa bwana kuti mpandowo autenga.

Amene amawanena kuti a Tsogolani anagulitsa ulemu wawo sadziwa kanthu. Mpando umenewo ndi malo okhawo pamene munthu angakhale tsiku lonse maso ali pamlatho popanda mlonda kumuthamangitsa. Alendo amawagwira paphewa, amagwada pambali pa chitsa cha mwendo kuti ajambulitse, ena amafunsa ngati zinapweteka. Iwo amangoti "eya," maso ali kumapazi a amene akuwoloka. Amaona thabwa limene lafwamphuka pansi pa mlendo wonenepa, amamva limene lalira mosayenera, n'kulisunga m'mutu. Alendo aja, ndi malamba awo ndi zisoti zawo, sadziwa kuti ndiwo asanduka kahamala.

Eyiti isanakwane sakhala pantchito, koma sikisi koloko amakhala atafika kale, atadumphira pa ndodo zawo kuchokera kunyumba. Amayi opita kuchigayo amaima nawo, koma mawu aja akuti "tsogolani" palibenso amene amawatchula. Mwana wawo amawakhazika pampando, amawafunditsa jekete, amanyamula jumbo yake n'kuponda thabwa loyamba.

"Pitirira, amenewo ali bwino! Pitirira! Ima! Lumpha limenelo! Linalo ponda chakumanzere!"

Nthawi zina pakhonde la hotelo pamakhala alendo olawirira, ndipo amaomba m'manja poganiza kuti ndi sewero lokonzera iwo.

Koma maso a munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu amathera pakati pa mlatho, ndipo mawu akafika pamenepo mtsinje umawameza. Za matabwa a kutsogoloko a Tsogolani sadziwa kanthu, patha zaka ziwiri asanawagogode. Amaona diresi loyera likucheperachepera, likulowa m'chifunga, mpaka osalionanso. Akafika kutsidya mwanayo amayenera kuwaimbira foni kamodzi n'kudula. Ndiye amakhala duu, foni ili m'manja awiri, milomo ikuwerenga matabwa amene sakuwaona, ndipo chidendene cha mwendo wotsalawo chimagogoda pansi chokha, thabwa ndi thabwa, mpaka foniyo ilire.