Uthenga wa Malemu Idris

K35 pa sabata. Ndizo zimene ba Iddi akhala akugulira bando ya intaneti kuyambira mwezi wa Meyi. Pa masabata makumi awiri zakwana K700.

Ba Iddi ndi telala wa ku Kanyama mu Lusaka, wa zaka 64. Amasokera pakhonde la shopu ya Edna, wogulitsa vitenge vya ku Kamwala, ndipo madzi akasefukira amakweza makina pa mabuloko. Atate awo, malemu Idris, anachoka ku Mangochi mu 1958 osabwererako. Pomwalira anasiya mawu amodzi: "Ukauze kwathu kuti ndagona kuno." Papita zaka 19 uthengawo usanapite, chifukwa palibe amene anafunsa dzina la mudzi. Tsopano maso a ba Iddi ayamba chifunga, ndipo akuopa kuti adzatsekeka ntchitoyi ili chikhalire.

Anayamba ndi mawebusaiti ofufuzira makolo. Analemba dzina, chaka, boma. Zotuluka zinali mabuku a ubatizo a kumishoni, ndipo munthu wa kumzikiti sakanapezekamo. Anasamukira m'magulu a pa Facebook a anthu a ku Mangochi, naika chithunzi cha atate awo atavala chisoti choyera. Ena anangolemba "pepani". Wina anawatsatsa usipa.

"Ba Iddi, muzasiliza bando yonse ya mu Zambia," anatero Edna tsiku lina masana. "Diresi ya ba Anna ni liti?"

"Mailo," anatero ba Iddi, kutanthauza mawa.

"Mailo yamene ija ya mwezi watha?"

Foni inalira asanayankhe. Mayi wina wa m'gulu lina la pa Facebook anali atalemba: "Achimwene, a Idris kuno ali m'nyumba iliyonse. Kwathu mudzi ndi wa amayi, mwamuna amangokwatirako. Tchulani dzina la mayi awo kapena la mlongo wawo, tikulozerani mawa lomwe."

Ba Iddi anawerenga kawiri mokweza, foni ili pafupi ndi mphuno. Anakulira mu Lusaka, kumene pepala lililonse limafunsa dzina la atate, ndipo miyezi isanu yonse ankagogoda ndi dzina lomwelo. La agogo awo aakazi sankalidziwa.

"Nanga ba Fadhila?" anafunsa Edna. "Si ndiye anadwazika ba tate banu?"

Ba Iddi anangopukuta makina. Ba Fadhila ndi mlongo wamkulu wa ba Iddi, amakhala ku Chawama, mu Lusaka momwemo. Awiriwa sanalankhulane kuyambira pamaliro a atate awo, pamene anakanganirana makina omwewa, ba Iddi n'kuwanyamula pa wilibala anthu asanabalalike.

"Azanipitikisa," anatero potsiriza.

"Mwina. Koma Chawama ni pafupi kuposa Mangochi."

Ba Iddi anapereka singano kwa Edna kuti awalowetsere ulusi, nakokera diresi ya ba Anna pa makina. Sabata ino sagula bando. K35 ija agulira shuga wokapatsa ba Fadhila, ndipo Lachisanu akatuluka kumzikiti akwera minibasi ya ku Chawama kukafunsa dzina la agogo awo.