Ambulera ya Agogo a Jafali

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Jafali, ndimamva fungo la mafuta a makina osokera losakanikirana ndi utsi wa simbi ya makala, ndipo m'makutu mwanga mumabwerera kulira kwa makinawo pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika ku Nkhotakota, pomwe ankakhala tsiku lonse mapazi akupalasa, pakamwa ataluma mapini, koma nkhani osaleka. Adzukulufe tikaweruka kusukulu tinkakhala pa mulu wa tizidutswa ta nsalu n'kumawamvetsera.

Nkhani imene ankaikonda kwambiri inali ya filimu ina imene anaonera kalekale, nthawi ya chipani chimodzi, atapita kukasoka ku Limbe. Inali ya anthu akuda a ku Amereka. Chingerezi agogo sankachimva, choncho mwini filimuyo ankangomutchula kuti Chitsitsi, poti tsitsi lake linali lalikulu ngati munthu wasenza dengu.

"Ameneyo anali munthu," ankatero agogo. "Azungu oipa akugulitsa mankhwala oononga ana, iye amangokweza chibakera, kuphethira kamodzi, onse ali gone pansi. Osawakhudza! Mowa akamupatsa amangonyamula tambula, kumwa ayi. Tsiku lina analowa m'nyumba ya mayi wamasiye dzuwa litalowa, n'kutuluka m'mawa. Usiku wonse anachezera kumulondera mayiyo."

Ife tinkakhulupirira zonse. Mchimwene wanga akakana kukatunga madzi, ankafunsidwa ngati Chitsitsi akanachita zimenezo.

Matipate atabwera, amalume a Yusufu, mwana wawo wa agogo, anasiya ntchito ya kuminda ya nzimbe ku Dwangwa n'kugula sikirini, deki ya vidiyo ndi kajenereta kofuka utsi ngati moto wa nkhuni zaziwisi. Anatchinga mawindo a chipinda china cha pafupi ndi msika ndi masaka, n'kupachika chimkuzamawu panja pa mtengo wa mango kuti odutsa azimva mfuti ndi zibakera n'kukopeka. Posakhalitsa ana anayamba kujomba ku madarasa. Mnyamata wina, poyeserera zimene anaona, anamenya theche mtsuko wa amake n'kuuswa madzi ali momwemo. Akuluakulu a kumzikiti anagwirizana ndi a kutchalitchi, zimene sizinkachitika kawirikawiri, kuti vidiyoyo itsekedwe.

Agogo ndiwo anaimirira pabwalo. Anati si mafilimu onse amene ali oipa, alipo ena olangiza, ndipo iwo akudziwa imodzi imene ngakhale a shehe angaionere osachotsa kofia. Akuluakulu anavomera kuti aione kaye asanagamule.

Amalume anapita ku Lilongwe n'kukaipezadi kwa ogulitsa matepi ochokera kunja. Agogo atangoona chithunzi cha pachikuto anakuwa, "Ndi yemweyu!" Amalume anaiyesa okha m'mawa wa tsiku loionetsa, chitseko atatseka. Anatuluka nkhope itagwa.

"Ababa," anatero akukanda m'mutu, "tepi ija ikuoneka kuti ndi yaitali kuposa mmene mumaifotokozera."

"Ndiye bwino. Malangizo achuluka."

"Komanso muli zina, ababa."

"Zina zotani?"

Amalume anayang'ana pansi. Mwana angawauze bwanji bambo ake zinthu zoterozo? Anangoti deki ikuvuta. Agogo anaipukuta fumbi, n'kuimenya kambama kamodzi, n'kunena kuti yachira.

Masana titachoka kumapemphero tinalowa. Kutsogolo kunakhala a shehe, pambali pawo a Phiri, mkulu wa mpingo amene anali wogontha khutu limodzi, kenako akuluakulu ena. Adzukulufe agogo anatikhazika pamkeka patsogolo penipeni, titasamba ndi kudzola, kuti tisaphonye phunziro lililonse. Iwo anakhala pambali pa sikirini, ambulera yawo yakuda yoyendera padzuwa ili pamiyendo.

Poyamba zinayenda bwino. Chitsitsi anatulukira atavala suti yoyera ndi nsapato zazitali zidendene, akutsika m'galimoto lalitali ngati bwato, ng'oma ndi malipenga zikulira. Agogo ankangogwedeza mutu akuyang'ana alendo awo. Kenako anamupatsa tambula. Ananyamula. Anamwa yonse, n'kuitanitsa ina.

"Ndi tiyi wozizira," anatero agogo mofulumira. "Kumeneko amamwa choncho."

Itafika ndewu, chibakera chija sichinathere m'mwamba. Chinatera pamphuno pa mzungu, chinanso, chinanso, mpaka suti yoyera ija inasanduka ya madontho. Wina anaponyedwa pawindo. A shehe anatsokomola. Agogo anasendera pafupi ndi sikirini, akutsinzinira ngati akulowetsa ulusi pa singano.

"Apa sindikupakumbuka," anatero chapansipansi.

Ndiye inafika nyumba ya mayi wamasiye. Agogo anapumira m'mwamba, nkhope n'kuwala. "Tsopano penyetsetsani. Apa ndiye pali phunziro."

Chitsitsi anagogoda. Mayi anatsekula. Chitseko chinatsekeka, ndipo pamene agogo ankayembekezera kuti kucha, sikunache. Tinalowa nawo m'nyumbamo. Mayiyo sankaoneka wachisoni ngakhale pang'ono. Chitsitsi anavula jekete, mayi uja n'kuyamba kumasula mabatani a bulauzi.

Sindinaonepo agogo akudumpha ngati tsiku limenelo. "Astaghafirullah! Ana, tsinzinani!" Ambulera inati phaa, kutambasuka kutsogolo kwa sikirini, nthiti yake imodzi n'kukola kofia ya a shehe. Chithunzi chinaphimbika, koma mawu sanaphimbike. Ankamveka m'chipindamo, ankamvekanso panja pa mtengo wa mango, kumene amayi ogulitsa usipa ndi tomato anasiya malonda n'kutchera khutu.

Agogo anayesa kuwapitirira ndi mawu awo. "Apa akumupepesa! Akumuuza kuti alimbe mtima, imfa ndi ya tonse!"

"A Jafali," anatero a shehe akutola kofia yawo, "maliro ndayendamo ambiri. Kulira kumeneku sindinakumvepo."

"Akuti chiyani?" anafunsa a Phiri mokweza, akusuzumira m'mbali mwa ambulera. "Tachotsani chimenechi, ena sitimva, timadalira maso!"

Amalume anathamangira panja n'kukazimitsa jenereta. M'chipindamo munangoti zii. Kenako kumsika kunabuka phwete, amayi akuombana m'manja.

Madzulo ake agogo anakana chakudya. Anakhala pakhonde pa nyumba atagwira tsaya. Amalume anawafotokozera zimene anamva kwa ogulitsa matepi, kuti kale filimu iliyonse inkadutsa kaye m'manja mwa anthu a boma, amene ankadula zonse zimene sanazifune n'kulumikiza zotsalazo.

"Ine telala," anatero agogo. "Malaya a munthu ndimadziwa pamene anawakonza ndili patali. Koma apa anadula, n'kusoka, ine osaona msoko. Kuti ankatibisira zinthu ndinkadziwa. Sindinkadziwa kuti mpaka anandisokera munthu."

Agogo aakazi, amene filimu anali asanaionepo chibadwire, ankapeta mpunga chapafupi. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Inu nomwe munkatiuza kuti analowa atavala malaya ofiira, n'kutuluka m'mawa atavala oyera. Mlonda wa kuti amene amasunga malaya kunyumba kwa mayi wamasiye?"

"Ndiye munkadziwa? Zaka zonsezi osandiuza?"

"Ana ankatunga madzi," anayankha agogo aakazi, n'kupitiriza kupeta.

Tonse tinkayesa kuti vidiyo ya amalume yatha. Koma a shehe anali munthu wodziwa kuseka. Pabwalo anati aona ndi maso awo kuti m'mudzimo muli munthu mmodzi wothamanga kuposa filimu. Anagamula kuti vidiyo ipitirire, bola isamatsekulidwe nthawi ya sukulu ndi ya madarasa, chimkuzamawu chitsike mumtengo, ndipo a Jafali azikhala pambali pa sikirini ndi ambulera yawo. A Phiri anavomereza, koma pobalalika anawakokera amalume pambali n'kuwanong'oneza, mwa kunong'ona kwa munthu wogontha kumene tonse tinamva, kuti kodi azungu aja anathera pati.

Kuyambira pamenepo agogo anasamutsira makina awo pakhomo pa vidiyo. Ankasoka khutu lili m'kati. Nyimbo ikangoyamba kufewa, malipenga akulira mwaulesi, ankasiya nsalu n'kuthamangira m'chipindamo. Nthawi zina ankaphonya, n'kuphimba munthu amene akungovula nsapato, anyamata n'kumakuwa, "Agogo, tsitsani, palibe kanthu!" Tsiku lina mnyamata wina wa ku sekondale anawanena kuti asanduka boma lakale, pomwe dziko lili pa ufulu. Agogo anapinda ambulera yawo pang'onopang'ono.

"Iwe, ine sindidula," anatero. "Ndimaphimba, ndipo aliyense amaona kuti apa a Jafali aphimba. Ukadzakula udzadzifunira wekha. Aja ankadula n'kukuuza kuti ndi yonse."

Agogo anatisiya kalekale, ndipo chipinda chija tsopano amagulitsiramo simenti. Ine ndili ndi ana anga atatu, ndipo pali zambiri zimene sindiwauza: chifukwa chimene tinasamukira ku Salima, zimene zinawatenga azakhali awo. Koma akandifunsa sindiwapekera nkhani yosalala. Ndimawauza kuti, "Apa mayi anu atambasula ambulera." Amadandaula, wamng'onoyo mpaka amayesa kusuzumira m'mbali, koma amadziwa kuti kuseriko kuli kanthu, ndipo tsiku lina adzakaona.