Tinanyowa Ife, Buku Linauma

Wongani mnzanga, mvula yandinyowetsa lero pa Luwinga, ndiye ndakukumbuka. Paja tili ku koleji tinasonkherana kugula buku la akaunti lija, lodula ngati mbuzi yabere. Tikuchokera kogula mvula inayamba, ambulera inali imodzi. Iwe unaitsitsa n'kufunditsa bukulo, ife awiri n'kumanyowa ngati nkhuku. Nditadandaula unandikalipira: "Iwe, bukuli ladula chomene! Munthu akadwala amachira, koma buku likanyowa latha basi." Tinafika ku Zolozolo tikunjenjemera, mayi eni nyumba n'kutifunsa ngati mitu yathu ikugwira.

Bukulo ndikadali nalo, louma bwinobwino, ngakhale sitinamalize kuliwerenga. Uuse mumtendere, aise. Koma zija zoti munthu akadwala amachira unandinamiza, poti iwe sunachire.